Kompyuta Yolankhula Chipwitikizi

Kalatayo inafika pa polisi yathu Lachinayi masana, ili m'jumbo ya shuga kuti isanyowe ndi chiperoni. Pambuyo pake panabwera anthu oposa makumi atatu, ndipo pakati pawo panali bambo wina wamtali atamangidwa manja ndi mphira yomangira katundu panjinga. Malaya ake anali atang'ambika paphewa. Sankalira, sankadandaula, ankangoyang'ana matope a kumapazi kwake.

Amene ananyamula jumboyo anali a Luckson Mulipa, mkulu wa mpingo ku Limbuli, munthu woti ngakhale pofunsa njira amalankhula ngati ali paguwa.

"A Sajeni, ine ndine mwini mbumba," anatero akuika jumboyo patebulo langa. "Mchemwali wanga Christobel tinamuika m'manda Lachitatu la sabata yatha. Ife tonse timati ndi bipi, monga ananenera achipatala. Koma Mulungu wathu sabisa, amayi, Mulungu wathu amaulula. Tawerengani."

Linali pepala limodzi lotayipa, lopindidwa panayi, tsiku lake 24 Juni. Linkati: "Ine Christobel Mulipa ndikulemba ndili ndi nzeru zanga zonse. Amuna anga Antonio akhala akundithirira mankhwala a makoswe mu tiyi. Ndikuopa kunena pakamwa. Ndikafa musawasiye ndi mwana wanga."

Ndinawerenga kawiri. Sindinamve kalikonse. Chimwalirireni amuna anga a Samueli mu Januwale, zinthu zimangondidutsa. Tiyi kwa ine ndi madzi otentha basi, ndipo chiperoni chonsechi ndimayenda wopanda juzi osadziwa kuti kukuzizira. Anzanga kuntchito amati Emelda ndi wolimba mtima. Sikulimba mtima ayi. Ndi dzanzi, lija limagwira mwendo ukaukhalira nthawi yaitali, kungoti langali linagwira thupi lonse.

"Palibe siginecha," ndinatero.

"Dzanja lamanja linafa chaka chatha, bipi itamugwetsa koyamba. Amatayipa ndi lamanzere. Ntchito yake inali yomweyo, kutayipira anthu makalata."

"Waipeza ndani?"

"Mng'ono wake Jennifer, m'Baibulo la malemu, lero m'mawa. Ndaiwerenga pamaso pa mudzi wonse."

"Pamaso pa mudzi wonse," ndinabwereza. "Mwachita bwino kwambiri, a Mulipa. Mukanabwera naye ali mtembo, ntchito yanga ikanachepa."

Sanamve kuti ndikuwanyogodola. Anapitiriza kunena kuti banja linakonza zoti Loweruka likubwerali kukhale mwambo wosudzula. Kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo mkazi akamwalira abale ake amamumasula mwamunayo kuti abwerere kwawo, ana n'kutsala ndi mbumba. Koma Christobel ali chigonere kuchipatala anawagwira dzanja a Luckson n'kuwapempha kuti Antonio asadzamuthamangitse, adzakhale m'nyumba momwemo alere mwana.

"Ndinavomera ine," anatero a Luckson. "Loweruka ndimati ndilengeze kuti alamu akhala. Koma njoka ndiisunge m'nyumba? Mukamutulutsa m'chitokosimo, aoloke mtsinje wa Muloza, azipita kwawo kutsidya kwa malire."

Pamene apolisi ankamumasula mphira ija, bamboyo anakweza mutu koyamba. Pakhomo panaima mtsikana wa zaka ngati khumi ndi zisanu, atavala juzi ya sukulu.

"Marcia, mwanawe," anatero bamboyo.

Mtsikanayo analavula malovu pansi n'kutembenuka.

* * *

Ndinamutulutsa Antonio m'chitokosi cha m'ma folo koloko n'kumukhazika pabenchi kuseri kwa ofesi. Ndi kalipentala. Manja ake ndi okhakhala, chala chimodzi chinaduka msonga.

"Munawathirira mankhwala akazi anu?"

"Ayi, sinyora," anatero, kundilemekeza m'Chipwitikizi cha kwawo.

"Nanga alemberanji zimenezi?"

Anangoyang'ana manja ake. Ndafunsa anthu ambiri pabenchi limeneli. Osalakwa amalumbira mpaka kutchula agogo awo, olakwa amalumbira kuposa pamenepo. Uyu sankadziteteza n'komwe, ndipo zinanditopetsa.

"Bambo, pepala la adokotala likuti bipi, koma achibale akufuna manda afukulidwe. Zimenezo zimatenga miyezi, inu muli kundende ku boma. Ngakhale mudzatuluke, nyumba ija simudzalowamonso. Kwanu n'kuti?"

"Kwathu kuti, sinyora? Ndinaoloka Muloza ndili ndi zaka eyiti, azakhali atandigwira dzanja, mfuti zikulira kumbuyo. Mudzi anautentha. Ndinapitako kamodzi nditakula, ndinapeza mitengo ya mango yokha ndi anthu osandidziwa. Azakhali anafera kuno. Kwathu ndi kumene kuli Marcia."

"Inu mumatayipa?"

Anandionetsa manja ake aja, ndipo anatsala pang'ono kuseka.

"Ine ndi matabwa. Kompyuta ndinangogula. Ku Milange, zaka sikisi zapitazo. Titafika nayo kunyumba, kuiyatsa, ikulankhula Chipwitikizi chokhachokha. Ndinati ndibweze, akazi anga anakana. Akuti bola muli pafupi. Ndiye ine ndikamapala matabwa kuseri ndimangomva, 'Bambo a Marcia, tabwerani, chikuti chani ichi?' Ndithamange, ndiwerenge, ndiwauze kuti chikufunsa ngati musunge kapena mutaye. Patsiku mwina kakhumi."

"Zaka sikisi osaphunzira?"

"Anadziwa zonse chaka choyamba chomwe, sinyora. Amangondiitana."

Ndinalemba m'kope langa: kompyuta, Chipwitikizi, Milange. Sindinaone kuti zindithandiza chiyani. Ndinangolemba chifukwa dzanja linazolowera.

"Ndani wina amaigwira kompyutayo?"

Anayang'ana kumbali, kuphiri komwe sikunkaoneka chifukwa cha nkhungu.

"Marcia wadya?" anafunsa.

"Ndakufunsani funso, bambo."

"Ndilibe mawu ena, sinyora. Obirigadu, zikomo."

Munthu amene akuzengedwa mlandu wakupha akakana kuyankha funso lophweka ngati limenelo, ndiye kuti akubisa munthu. Chimene sindinkadziwa n'chakuti akubisa ndani.

* * *

Lachisanu m'mawa ndinakwera kabaza mpaka ku Limbuli. Nyumba ya Christobel ili m'mbali mwa msewu, yamalata, ndipo chipinda chakumaso ndiye chinali ofesi yake. Munali tebulo lopalidwa bwino, pulinta yakale, benchi la makasitomala, ndi katoni ya mapepala olakwika omwe malemu ankasungira amayi ogulitsa mtedza kuti azikulungira.

Jennifer ndinamupeza atakhala kale pampando wa malemu, duku lakuda kumutu. Ndi mayi wa zaka zosakwana makumi anayi, wolankhula mothamanga, mawu akutsogolo asanathe akumbuyo afika kale.

"Ine ndimati ndilongedze zovala za achemwali, eti, poti mawa kuli mwambo, nde ndanyamula Baibulo, pepala lija thii pansi, nditsegule, mayo ine, miyendo inazizira, ndinangothamangira kwa achimwene, ine sindinaganizepo, alamu timawaona ngati munthu, eti, koma mtima wa munthu."

"Baibulo linali pati?"

"Kuchipinda, pansi pa pilo."

"Chiikireni maliro palibe anasuntha pilo?"

"Kaya, ine sindigona muno. Ine ndimagona kwa amayi, kukhitchini, ndi ana anga awiri, chibwerereni ku banja."

Mawu akuti kukhitchini anawatchula mokweza kuposa enawo. Ndinayang'ana denga lamalata, ndinayang'ana simenti yapansi.

"Tayatsani kompyutayo."

Anaiyatsa. Inali laputopu yakuda, zilembo zina zitafufutika ndi zala. Ndinkayembekezera mawu achilendo, koma pasikirini panabwera Chingerezi choyera bwino, chimene ngakhale ine wa Fomu Folo yakale ndinawerenga osakhumudwa.

"Alamu anu akuti imalankhula Chipwitikizi."

"Kale limenelo. Inakonzedwa."

"Anakonza ndani?"

"Hopewell, wa mafoni, kuseri kwa msika."

"Liti?"

Apa mawu othamanga aja anaima kaye.

"Kalekale, achemwali ali moyo. Mwina mu Meyi."

"Marcia ali kuti?"

"Kuchipinda. Sakudya, sakulankhula. Mwana waona zoopsa, amayi, bambo ako omwe, eti."

Ndinanyamula laputopuyo, n'kutapanso mapepala angapo apamwamba m'katoni muja. Jennifer anati ndi zinyalala chabe. Ndinamuuza kuti ntchito yanga ndi ya zinyalala.

Ndinakaima pakhonde la golosale ina podikira kuti mvula yowaza ija ichepe, ndipo poti ndinalibe chochita ndinayamba kuwerenga zinyalalazo. Kalata yofunsira ntchito yothyola tiyi. Ndondomeko ya ukwati wa ku Chinakanaka. Kalata ya mayi wina yodandaula za malire a munda. Iyi inali yomaliza imene Christobel anatayipa, ya pa 27 Juni, masiku atatu asanagwe n'kuthamangira naye kuchipatala cha Mishoni.

Pansi penipeni pa pepala lililonse, pakati, panali timawu tating'ono tomwe kompyuta imaika yokha. Pa onse panalembedwa chimodzimodzi: Página 1.

Ndinatulutsa kalata ya m'jumbo ya shuga ija, ya pa 24 Juni, n'kuyang'ana pansi pake.

Panalembedwa Page 1.

* * *

Shopu ya Hopewell ndi kontena yopakidwa utoto wachikasu, yodzaza mafoni akufa ndi mawaya. Mwini wake ndi bambo wa ndevu zometa mwaluso, wovala magalasi akuda kunja kulibe dzuwa. Atangoona chiphaso changa anakweza manja onse.

"Aaa, bwana, ine zakuba sindigula, mufunse msika wonse, Hopewell ndi wa pepala."

"Tsitsani manja, mungagwetse katundu wa eni. Mukuidziwa iyi?"

Anavula magalasi, anaitembenuza laputopuyo, nkhope yake n'kumasuka.

"Iyi? Iyi inandidya mutu, madamu. Masiku awiri athunthu."

"Munaitani?"

"Ndinaikweza. Mukudziwa, makina ambiri a ku Milange amabwera ndi Windozi ya Homu, ija ya chilankhulo chimodzi. Yabadwa ikulankhula Chipwitikizi, idzafa ikulankhula Chipwitikizi. Mungadine paliponse sisintha. Njira ndi imodzi basi, kuikweza ipite pa Puro, nde pamenepo mumasankha chilankhulo chimene mukufuna."

"Zimenezo n'zamasiku awiri?"

"Ayi, zikakhala bwino ndi mphindi zochepa. Pamafunika kiyi, manambala ndi zilembo twente faifi. Nde ine ndalowetsa kiyi, yakana. Ndalowetsanso, yakana. Ndiyang'ane bwino, Windozi yake ndi yakalekale, mayi aja samailumikiza pa intaneti, chigulireni. Ndinati shuwa, tiyambe ndi apudeti yaikulu ija. Tsiku lonse, madamu, netiweki ikukwawa, timadontho tija tikungozungulira. Mawa lake m'mawa ndi pomwe kiyi analowa. Inazima, inayaka, inazima, inayaka, n'kudzuka ili Puro. Ndinatsitsa Chingerezi, ndinaonanso kuti mafayilo a eni ali momwemo, basi, shapu."

"Timawu ta pansi pa pepalati timasinthanso?"

Ndinamuikira mapepala awiri aja pakauntala. Anawayang'ana kamodzi kokha.

"Kapulogalamu kolembera kameneka kamatsata chilankhulo cha makina. Makina a Chipwitikizi, Página. Makina a Chingerezi, Page. Ili linatuluka ndisanaigwire, ili nditaigwira kale."

"Mu Meyi?"

"Meyi wake uti? Sabata ino, madamu. Lolemba ndi Lachiwiri. Musamve za ine, imvani za mwini wake."

Anadina apa ndi apo n'kunditembenuzira sikirini. Panali mzere wonena mtundu wa Windozi, Puro, ndi mzere wina wa tsiku limene apudeti yaikulu inalowa: 7 Julaye. Christobel anamwalira pa 30 Juni. Anaikidwa m'manda pa 2 Julaye. Pepala limene akuti analibisa m'Baibulo lake linatuluka mu pulinta iye atagona m'manda masiku osachepera asanu ndi limodzi.

Pamenepo wapolisi amayenera kumva kukoma, kamtima kaja kamadumpha ukagwira ulusi. Ine ndinangolemba masikuwo m'kope, n'kumuuza Hopewell kuti asayine.

"Anabwera nayo ndi mayi wolankhula mothamanga uja, eti? Jennifer?"

"Mayi? Ayi, madamu. Anabwera nayo bambo, ataikulunga m'chitenje cha malemu. Anakhala pabenchi apo masiku onse awiri, osalankhula, kumangoonera timadontho tija. Kalipentala uja. Amuna awo a malemu."

* * *

"Bwanji simunandiuze?"

Antonio anali pabenchi lomwe lija. Phala limene anamupatsa m'mawa linali pambali pake, litauma pamwamba.

"Simunandifunse za Hopewell, sinyora."

"Musandiseweretse, bambo. Ndayenda m'matope tsiku lonse chifukwa cha inu. Munaisinthiranji kompyuta?"

Anasisita chala chake choduka chija.

"Alamu a Luckson analonjeza kuti ndikhala. Koma ine ndakhoma mabokosi a maliro ambiri, sinyora. Ndaona malonjezo a kuchipatala mmene amathera dothi likauma. Ndinati mwina Loweruka andiuza kuti nyamukani. Nanga ndikachoka, adzawawerengera ndani? Jennifer kutayipa amatha, koma Chipwitikizi sadziwa ngakhale liwu limodzi. Ali ndi ana awiri, alibe ntchito. Marcia naye ali Fomu Thu. Ndinati ofesi isafe, azidyerapo. Ndinamupatsa Jennifer Lachiwiri dzuwa lisanalowe, ndinati mlamu, tsopano ikumva chilankhulo chanu."

"Lachinayi kalata n'kupezeka."

"Ee."

"Munadziwa liti kuti si akazi anu analemba?"

"Pomwepo. Atandimanga, alamu a Luckson anandiika pepala lija pamphuno, akuti yang'ana ntchito zako. Ine Chingerezi sindiwerenga. Koma zaka sikisi ndakhala ndikuona Página pansi pa pepala lililonse lotuluka m'nyumba mwanga. Pamenepo panalibe."

"Ndiye munangokhala chete, anthu akukumenyani?"

"Ndikanena, Jennifer mumumanga. Marcia amayi ake apita. Agogo ake sakuonanso. Mayi amene watsala ndi Jennifer yekha. Mtsikana wa msinkhu umene uja amafuna mayi, sinyora, pali zinthu zoti ine sindingamuuze."

"Akufunanso bambo amene sanaphe amayi ake."

Anakankhira mbale ya phala ija kumbali.

"Mwana wanu analavula malovu pamaso panu," ndinatero. "Mukapitiriza ulemu wanuwu, adzakula akudziwa kuti bambo ake anapha amayi ake ndi mankhwala a makoswe. Adzakwatiwa akudziwa zimenezo. Adzauza ana ake. Mwamusungira mayi wamng'ono, mwamulanda bambo ndi mayi omwe."

Ndinalankhula mopanda chifundo, ndikuvomera. Chifundo ndinalibe choti ndimupatse, ndinali ndi mapepala awiri ndi siginecha ya Hopewell.

"Mawa mundiperekeza ku Limbuli," ndinatero. "Phalalo idyani."

* * *

Loweruka anthu anasonkhana pabwalo la nyumba ija cha m'ma naini, amayi pamphasa, abambo pamabenchi omwe Antonio yemweyo anakhoma. Katundu wake anali atamuika kale panja, pansi pa mtengo wa peyala: chikwama chimodzi, bokosi la zipangizo, ndi nsapato zomangidwa pamodzi ndi zingwe zake. Galimoto lathu litaima, n'kuona Antonio akutsika wopanda unyolo, bwalo lonse linang'ung'udza.

Ndinamusiya ndi konsitabulo pafupi ndi galimoto. A Luckson ndi Jennifer ndinawaitanira mu ofesi muja n'kutseka chitseko. Ndinalumikiza laputopu ku pulinta.

"A Mulipa, tchulani mawu alionse."

"Yehova ndiye m'busa wanga," anatero mosaganiza n'komwe.

Ndinatayipa ndi chala chimodzi, pulinta inakhosomola, pepala linatuluka. Ndinaliika patebulo pakati pa kalata ya m'jumbo ndi kalata ya malire a munda. Ndinawaonetsa timawu tapansi, ndinawaonetsa tsiku la pasikirini, ndinawawerengera zimene Hopewell anasayina. A Luckson anavala magalasi, anavula, anavalanso.

"Kompyuta inayamba Chingerezi Lachiwiri," ndinatero. "Kuyambira Lachiwiri inali m'manja mwa munthu mmodzi."

Ndinkayembekezera kukana kwa mtu wa galu, kulira, kudzigwetsa pansi. Jennifer anangokhala pabenchi la makasitomala, manja pamiyendo, ndipo atayamba kulankhula mawu ake anali apang'onopang'ono ngati a munthu wina.

"Munthu wa zaka fote wanu amangofa? M'mawa tacheza, madzulo kulibe. Ndimagona kukhitchini ndikumva utsi m'zovala za ana anga, n'kumaganiza kuti pali amene wachita. Ndiye achimwene akuti mkamwini akhala. Malo a amayi athu, nyumba ya achemwali anga, mkamwini agone pabedi, ine paphulusa." Anapuma. "Atandipatsa kompyuta ija ndinangoti ndiyesere kutayipa. Mawu anabwera okha. Nditawerenga ndinawakhulupirira."

"Anakupatsa kuti udyetse ana ako," anatero a Luckson, mawu ali pansi. "Jennifer. Ndinawerenga pamaso pa mwana."

"Ndikudziwa, achimwene."

Ndinamuuza mlandu wake, wopeka kalata ndi kunamiza apolisi. Anagwedeza mutu. Anapempha kuti akauze ana ake kuti apite kwa agogo, ndinamulola, kenako anakakwera yekha kumbuyo kwa galimoto. Podutsa pafupi ndi Antonio sanamuyang'ane. Antonio ndiye anati, "Pepani, mlamu," ngati wolakwa ndi iye.

A Luckson anaima pabwalo. Ulaliki wonse uja unali utawathera. Ananena mawu ochepa: kuti kalata ija inali yabodza, kuti Christobel anafa ndi bipi, kuti kusudzula kulibe, alamu akhala monga ananenera malemu. Anapita okha pansi pa peyala, ananyamula chikwama ndi bokosi la zipangizo, anakaziika pakhonde. Anthu omwe Lachinayi anali ndi mphamvu zomangira munthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense akukumbuka mbuzi zimene sanamasule.

Antonio sanalowe m'nyumba. Anaima pakati pa bwalo, chiperoni chikumunyowetsa, akuyang'ana chitseko. Marcia sanatuluke nthawi yonseyi. Zenera la kuchipinda linali lotsegula, ndiye zonse anamva, koma kumva ndi kwina. Mfumu ikhoza kukubwezera nyumba, wapolisi akhoza kukubwezera dzina. Za mwana amene analavula malovu, ine ndinalibe fomu yake.

Ndinabwerera ku ofesi kuja kuti ndikatenge laputopu, poti inali umboni. Ndinaima pakhomo. Marcia anali atakhala pampando wa amayi ake, juzi ya sukulu yomwe ija, maso otupa. Kompyuta inali itayamba zake zina. Sikirini inali ya buluu, timadontho tikuzungulira, ndi mzere umodzi wa Chingerezi chophweka chimene mwana wa Sitandade Faifi angawerenge.

Mtsikanayo sanandiyang'ane. Anakweza mawu.

"Ababa."

Panja Antonio sanasunthe.

"Ababa, tabwerani. Chikuti chani ichi?"

Ndinapatuka pakhomo. Antonio anadutsa pafupi nane, anapukuta mapazi pachiguduli nthawi yaitali kuposa mmene matope ankafunira, anakaima kumbuyo kwa mpando. Anawerama n'kuyang'anitsitsa mawu amene sangawerenge ngakhale limodzi.

"Chikuti tidikire pang'ono," anatero. "Tisachizimitse."

"Chabwino," anatero Marcia.

Anakhala choncho awiriwo, akuonera timadontho. Ine ndinatuluka kukaima pakhonde, poti nanenso ndinayenera kudikira kuti ithe. Mphepo inatsika kuchokera kuphiri n'kundilowa m'malaya, manja anga anachita tsembwe, mano anayamba kugundana. Ndinaitana konsitabulo kuti andibwereke jekete lake.

Anandiyang'ana modabwa. "Bwana, mukumva kuzizira?"

"Kwambiri," ndinatero.